Mlandu wa "Who", "Which" ndi "That": Mbiri ya Alowam'malo Amgwirizano m'Chingerezi

Mwa mawu onse a Chingerezi amene asautsa ophunzira, ndi owerengeka okha amene aposa timawu tinayi iti: "who", "whom", "which" ndi "that". Ntchito ya timawuti ndi imodzimodzi ndi ya "amene", "chimene" kapena "zomwe" m'Chichewa, ndiyo kulowa m'malo mwa dzina ndi kulumikiza nthambi ya chiganizo ku dzinalo. Chifukwa chake timatchedwa alowam'malo amgwirizano. Mabuku a sukulu andandalika malamulo a kasankhidwe kake pa tsamba limodzi, lina pansi pa linzake, monga ngati onsewo anabadwa tsiku limodzi ndipo mphamvu yawo ndi yofanana. Koma mbiri ikana zimenezo. Malamulo ena anamera okha m'kamwa mwa anthu, nakhwima pa zaka mazana ambiri. Ena anachita kupangidwa ndi munthu wodziwika dzina, m'chaka chodziwikanso, ndipo kufikira lero sanavomerezedwe ndi onse. Mphunzitsi wosadziwa kusiyanitsa magulu awiriwa angathe kudula ndi inki yofiira chiganizo chopanda chilema, nalanda mwana malikisi amene anali ake. Chotero nkoyenera kulondola mapazi a timawuti kuyambira kumene tinachokera.

Eni mudzi

Chingerezi chinafika pa chilumba cha Britain m'zaka za m'ma 400, pamodzi ndi mafuko a Angles, Saxons ndi Jutes amene anaoloka nyanja kuchokera ku maiko amene lero atchedwa Germany ndi Denmark. Chiyankhulo cha m'mabuku a nthawi ya Mfumu Alfred, amene analamulira kuyambira 871 kufikira 899, Mngerezi wa lero sangachimve popanda kuyamba wachiphunzira ngati chiyankhulo chachilendo. M'menemo munali njira zitatu zolumikizira nthambi ku dzina. Yoyamba inali kaliwu kakuti "þe", kamene sikanali kusintha maonekedwe ake ngakhale dzina likhale la munthu kapena la chinthu, la chimodzi kapena la zambiri; chilembo choyambacho chinkamveka monga "th" wa m'Chingerezi cha lero. Yachiwiri inali kubwereka alowam'malo oloza, ndiwo "se", "seo" ndi "þæt". Yachitatu inali kuphatikiza ziwirizo, monga "se þe".

Alowam'malo olozawo anali atatu chifukwa maina onse anagawidwa m'magulu atatu: lachimuna, lachikazi, ndi losakhala lachimuna kapena lachikazi. Magulu amenewa sanatsate chilengedwe ayi, pakuti liwu lotanthauza mwala linali lachimuna, pamene "wif", ndiko kuti mkazi, linali m'gulu lachitatu. Wodziwa Chichewa sadabwa nazo, popeza kwa iyenso gulu la dzina ndilo lilamulira, ndipo galu ndi munthu onse atenga "amene". Motero kusiyanitsa munthu ndi chinthu, kumene lero kuoneka ngati tsinde la nkhani yonse, kunalibe malo m'Chingerezi cha masiku amenewo.

Nanga "who" ndi "which" anali kuti? Makolo awo analipo, ndiwo "hwa" ndi "hwilc", pamodzi ndi "hwæs" ndi "hwæm" amene anadzasanduka "whose" ndi "whom". Koma ntchito yawo yaikulu inali kufunsa, monga achitira "ndani" ndi "chiti" m'Chichewa. Wolankhula Chichewa sanganene kuti "munthu ndani anabwera wapita" pofuna kunena kuti "munthu amene anabwera wapita". Chimodzimodzinso Mngerezi wa nthawi ya Alfred sakanaika "hwa" pamalo potere. Pa timawu tinayi tija, "that" yekha ndiye mbadwa ya pamudzi. Enawo ndi obwera.

Kufika kwa alendo

M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo kwa zaka zoposa mazana awiri Chifalansa chinakhala chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi cha akuluakulu, pamene Chilatini chinagwira tchalitchi ndi maphunziro. Chingerezi chinapitirira m'kamwa mwa anthu wamba, ndipo kusintha kumene kunali kutayamba kale kunafulumira. Mathero a mawu anaperepeseka, magulu atatu a maina aja anafa, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1200 kaliwu kaja "þe" kanali katasiya ntchito yolumikiza. Amene anatsala pabwalo ndi "that", natumikira maina onse: anthu ndi zinthu, chimodzi ndi zambiri.

Koma "that" anali ndi zilema ziwiri. Choyamba, analibe maonekedwe osonyeza umwini. Chachiwiri, sanalole kuti mperekezi aime patsogolo pake. Mngerezi anena bwino lomwe kuti "the hut that she slept in", koma sanganene kuti "the hut in that she slept". Pa mipata iwiri imeneyi ndi pamene alendo analowera. "Whose" anadza kudzasenza umwini. "Whom" ndi "which" anadza kudzaima pambuyo pa aperekezi. Njira yake inali italambulidwa kale pang'ono, chifukwa Chingerezi chakale chinali ndi kanenedwe kakuti "swa hwa swa", kotanthauza "aliyense amene". Ndiponso alembi ambiri a nthawiyo anali ozolowera Chilatini ndi Chifalansa, m'mene liwu lofunsira ndi liwu lolumikizira zifanana kwambiri, ndipo akatswiri ambiri aganiza kuti chizolowezi chimenechi chinakankhira kusinthako patsogolo. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, analemba "that", "which", "which that", "the which", "whom" ndi "whose", osasamala kwenikweni ngati dzina ndi la munthu kapena la chinthu. Chodabwitsa nchakuti "who" yekha, amene lero aoneka ngati mkulu wa onse, ndiye anafika potsiriza. Chifukwa chake nchosavuta kuchiona: pamalo pa mwininkhani "that" anagwira ntchito popanda chovuta, kotero kuti panalibe mpata wofuna kutsekedwa. Zitsanzo zoyambirira za "who" wolumikiza zipezeka m'makalata a zaka za m'ma 1400, monga a banja la Paston la ku Norfolk, makamaka m'mawu otsekera kalata, pamene wolemba ankapereka mnzake m'manja mwa Mulungu kuti amsunge. Kuchokera pa dzina la Mulungu, "who" anafalikira ku maina a anthu olemekezeka, ndipo pambuyo pake kwa anthu onse.

Nthawi ya ufulu

William Caxton atakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, Chingerezi cholembedwa chinayamba kufanana m'dziko lonse, koma malire a timawuti anakhala osaikika kwa zaka zina pafupifupi mazana awiri. M'masewero a William Shakespeare, amene anasonkhanitsidwa m'buku limodzi mu 1623, mupezeka "which" wonena za anthu, "who" wonena za nyama ndi zinthu, ndiponso "who" pamalo pamene buku la sukulu lifuna "whom". Baibulo la Mfumu James la 1611, pa chiyambi cha Pemphero la Ambuye pa Mateyu 6:9, linaika "which" ponena za Atate wa Kumwamba, ndipo buku la mapemphero la Mpingo wa England la 1662 linachita chimodzimodzi. Omasulirawo anali akatswiri oposa a m'badwo wawo, ndipo sakanatchula Mulungu ndi liwu limene m'makutu mwawo linali la zinthu zopanda moyo. Ben Jonson, mnzake wa Shakespeare, analemba galamala ya Chingerezi imene inatuluka mu 1640 iye atamwalira kale, ndipo m'menemo anawerenga "which" yekha kukhala mlowam'malo wamgwirizano.

M'kati mwa zaka za m'ma 1600 anthu anayamba kupatula ntchito, "who" nagwira anthu, "which" natsalira zinthu. Palibe mfumu kapena bwalo limene linalamula zimenezi. Zinangochitika pang'onopang'ono monga njira ipangika pamene anthu apondaponda. Pamene Aanglikani a ku America anakonza buku lawo la mapemphero mu 1789, anachotsa "which" m'Pemphero la Ambuye naikamo "who", chifukwa liwu lakalelo linali litayamba kukhumudwitsa makutu. Ili ndilo lamulo loyamba lokhazikika, ndipo mwini wake ndi mtundu wonse wa olankhula Chingerezi.

Madandaulo a 1711

Koma m'zaka zomwezo munabuka mtundu wina wa oweruza, anthu amene anayesa Chingerezi ndi muyeso wa Chilatini. John Dryden, mlembi wamkulu wa nthawi yake, mu 1672 anadzudzula Ben Jonson chifukwa chosiya mperekezi kumapeto kwa chiganizo, chinthu chimene Chilatini sichichita. Posindikizanso mu 1684 nkhani yake ya zamasewero imene inatuluka koyamba mu 1668, anakonza ziganizo zake zomwe, nabweza aperekezi kutsogolo. Tsono popeza "that" salola mperekezi patsogolo pake, aliyense wotsata Dryden anakakamizika kusankha "which" kapena "whom". Pang'ono ndi pang'ono mawu oyamba ndi "wh" anayesedwa a anthu ophunzira, ndipo "that" anaoneka ngati liwu la kumsika.

Maganizo amenewa aonekera bwino mu The Spectator, nyuzipepala ya ku London imene Joseph Addison ndi Richard Steele anayamba mu 1711. M'kope la nambala 78, la pa 30 Meyi chaka chomwecho, munatuluka kalata yanthabwala yolembedwa ngati madandaulo a "Who" ndi "Which". Awiriwo analira kuti iwo ndi a mbumba yakale yolemekezeka, koma kuti "That", munthu wachabechabe, wawalanda malo. Anadandaulanso kuti ngakhale ana aphunzitsidwa kuwasokoneza m'Pemphero la Ambuye. M'kope la nambala 80 "That" anayankha, naonetsa mphamvu zake mwa kudziunjika kambirimbiri m'chiganizo chimodzi. Nthabwalayo inakoma, koma mbiri yake inali yozondoka. Mkamwini ndiye anaimirira pabwalo kunena kuti mwini mbumba ndi wobwera, ndipo anthu ophunzira anamuombera m'manja.

Addison yemweyo, m'kope la nambala 135, anadandaula za chizolowezi china, ndicho kusiya mlowam'malo osamutchula nkomwe, monga m'chiganizo chakuti "the letter I wrote". Iye anaganiza kuti nkhani zotere sizidzatha kufikira patakhala bungwe la akatswiri loweruza chiyankhulo. Bungwe lotero silinakhazikitsidwe ku England, ndipo kanenedwe kameneka, kamene kalinso ndi mizu yakale, kali moyo kufikira lero. Chichewa nachonso chidziwa njira yachidule yotere, monga ponena kuti "munthu ndamuonayo" kapena "chaka chatha".

Lowth ndi Murray

Ntchito imene bungwe likanagwira inagwera olemba mabuku a galamala. Wotchuka mwa iwo anali Robert Lowth, m'busa wa Mpingo wa England amene pambuyo pake anakhala Bishopu wa London, ndipo buku lake lalifupi la galamala linatuluka mu 1762. Lowth analemba zimene zinali zitakhazikika kale, kuti "who" ndi wa anthu ndipo "which" ndi wa zinthu. Apa anangochitira umboni. Koma anaonjezapo zokonda za mtima wake. Anavomereza kuti "that" atumikira anthu ndi zinthu zomwe, komabe anaganiza kuti kukanakhala bwino kumusiyira zinthu zokha. Anatsutsanso kugwiritsa "whose" ponena za chinthu chopanda moyo, ngakhale kuti kholo lake "hwæs" linali la munthu ndi la chinthu chomwe kuyambira kalekale. Pa za mperekezi wa kumapeto, Lowth anali wofatsa koposa amene anamutsata: anavomereza kuti Chingerezi chikonda kanenedwe kameneka ndi kuti nkoyenera m'kucheza ndi m'zolemba wamba, nangoti kuika mperekezi patsogolo kukometsa zolemba zaulemu.

Amene anatengera malamulowa m'masukulu ndi Lindley Murray, loya wobadwira ku Pennsylvania mu 1745, amene anasamukira kufupi ndi mzinda wa York ku England. Galamala yake ya 1795 anailembera sukulu ya atsikana ya mpingo wa Quaker mu mzindawo, koma inasindikizidwa kambirimbiri ku Britain ndi ku America, niphunzitsa mibadwo ingapo. Murray anatola zambiri kwa Lowth ndi kwa olemba ena, nazisandutsa malamulo oti mwana aloweze pamtima. Ena mwa iwo anali ochokera m'kanenedwe kenikeni, monga lakuti "that" ndiye ayenera pambuyo pa mawu onga "best" ndi "same", kapena pamene dzina la munthu ndi la chinthu aima pamodzi. Ena anali ongoganizira, monga mawu ake akuti "who" samveka bwino ponena za khanda, popeza khanda lisanayambe kulingalira. M'kalasi, uphungu wofatsa wa Lowth unauma nusanduka choletsa: chimene iye anati nchosakoma kwenikweni, aphunzitsi anati ncholakwa.

Pempho la Fowler

Pofika zaka za m'ma 1800 mphepo inatembenuka, ndipo "that" anapeza omuimira. Kuti mlandu watsopanowu umveke, nkofunika kusiyanitsa mitundu iwiri ya nthambi. Ilipo nthambi yozindikiritsa, imene isankha chinthu pakati pa zinzake. Iliponso nthambi yongoonjezera, imene inena kanthu kena za chinthu chodziwika kale. Wolemba kuti "The goats which were sick died" anena kuti mwa mbuzi zonse zinafa zodwala zokha. Wolemba kuti "The goats, which were sick, died" anena kuti mbuzi zonse zinadwala ndipo zonse zinafa. Mawu ndi omwewo, koma mipatuliro iwiri yapha khola lonse. Polankhula, kusiyanaku kumveka ndi kupuma kwa liwu.

Kalekale "that" ankalowa m'mitundu yonse iwiri, koma m'kupita kwa nthawi anachoka yekha m'nthambi zongoonjezera, kotero kuti lero apezekamo mwa apo ndi apo. Poona zimenezi, anthu ena okonda dongosolo anati: ngati "that" wasiya munda umodzi, bwanji "which" asasiye winawo, kuti aliyense alime pake? Alexander Bain, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Aberdeen, analimbikitsa maganizo amenewa m'galamala yake ya 1863. Koma amene anawatchukitsa ndi Henry Watson Fowler, amene anaphunzitsa sukulu ku Sedbergh zaka 17 asanayambe ntchito yolemba. Iye ndi mng'ono wake Francis anatulutsa The King's English mu 1906, ndipo mu 1926, mng'onoyo atamwalira, Henry anatulutsa A Dictionary of Modern English Usage. M'menemo anapempha olemba kuti agwirizane kupatsa "that" nthambi zozindikiritsa ndi "which" nthambi zongoonjezera. Fowler anali munthu woona mtima: anavomereza poyera kuti umu si mmene analembera anthu ambiri, ngakhale alembi opambana. Linali pempho, osati lamulo.

Ku Britain pempholo linamveka, koma olemba ambiri anapitirira monga kale. Ku America linagwera pa nthaka yachonde. Mu 1959 E. B. White anakonzanso kabuku ka mphunzitsi wake William Strunk, kotchedwa The Elements of Style, nalangiza olemba kusakasaka "which" m'nthambi zozindikiritsa ndi kumuchotsa. Akonzi a manyuzipepala ndi a mabuku analandira uphunguwo ngati chilamulo, ndipo zophatikiza zake zija za Fowler zinaiwalika. Komatu Pulezidenti Franklin Roosevelt, polankhula ku nyumba ya malamulo pa 8 Disembala 1941 za kuphulitsidwa kwa Pearl Harbor, anaika "which" m'nthambi yozindikiritsa m'chiganizo chake choyamba, ndipo mawuwo akumbukiridwa kufikira lero popanda wowayesa olakwa. Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, m'galamala yawo yaikulu ya 2002 yotchedwa The Cambridge Grammar of the English Language, aonetsa kuti "which" wotere ndi Chingerezi chabwino.

Ngakhale zili choncho, pempho la Fowler silinapite pachabe. Mu 2015 Lars Hinrichs, Benedikt Szmrecsanyi ndi Axel Bohmann anafalitsa m'magazini ya Language kafukufuku woyerekeza zolembedwa za 1961 ndi za kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, napeza kuti "that" anachuluka ndipo "which" anachepa m'nthambi zozindikiritsa, makamaka ku America. Chifukwa china nchakuti uphunguwo unayenda njira imodzi ndi kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, m'mene "that" sanasiye kulamulira chiyambire. Lamulo lopangidwa ligwira msanga pamene likankha bwato kumene madzi akupita kale.

Tsogolo la "whom"

"Whom" ndi chotsalira cha nthawi imene maina a Chingerezi ankasintha mathero monga mwa ntchito yawo m'chiganizo. Aima pamalo pa pamtherankhani, monga "him" aimira "he". Koma kwa zaka mazana angapo olankhula akhala akuika "who" pamalo pake, makamaka kumayambiriro kwa funso, ndipo ena poopa kulakwa aika "whom" pamene safunika. Ngakhale omasulira Baibulo la 1611 analemba "whom" pa Mateyu 16:13, pamene olemba galamala afuna "who", ndipo okonzanso Chipangano Chatsopano mu 1881 anasintha liwulo. Msampha wake ndi timawu tolowerera pakati. M'chiganizo chakuti "the boy who I think took the hoe", mnyamata ndiye anatenga khasu, choncho ndiye mwininkhani, ndipo "I think" angodutsamo. Koma khutu linyengeka, dzanja nililemba "whom".

Mu 1921 Edward Sapir, katswiri wa ziyankhulo wa ku America, analosera m'buku lake lotchedwa Language kuti pomatha zaka mazana awiri ngakhale woweruza wophunzira koposa sadzafunsanso funso ndi "whom". Zaka zoposa zana limodzi zapita, ndipo ulosiwo wakwaniritsidwa mbali imodzi. M'kucheza "whom" wasowa ndithu. Koma pambuyo pa mperekezi, monga "to whom" ndi "of whom", ndiponso m'makalata aulemu ndi m'zamalamulo, akali ndi mpando wake.

Zimene mbiri iphunzitsa mphunzitsi

Tsono malamulo a pa tsamba lija agawika miyulu itatu. Mulu woyamba ndi wa amene anamera okha ndipo olankhula Chingerezi chovomerezeka awasunga ponseponse: "which" sanena za munthu, "that" satsata mperekezi, nthambi yongoonjezera ipatulidwa ndi mipatuliro ndipo itenga "who" kapena "which", pambuyo penipeni pa mperekezi pakhala "whom" kapena "which". Wophwanya awa walakwa, ndipo inki yofiira imuyenera. Mulu wachiwiri ndi wa ulemu ndi malo: kusankha "whom" kapena "who" pa pamtherankhani, kusiya mperekezi kumapeto, kusatchula mlowam'malo. Izi zifanana ndi kusankha "iwe" kapena "inu". Zonse ndi zoona, koma mwana aphunzitsidwe kuti kalata yofunsira ntchito si macheza a pabwalo la mpira. Mulu wachitatu ndi wa zokonda za anthu: kuti "that" asanene za munthu, kuti "whose" asanene za chinthu, kuti "which" asalowe m'nthambi yozindikiritsa. Izi mwana auzidwe kuti zilipo, ndi kuti akonzi ena, makamaka a ku America, adzazifuna. Koma wolemba "the man that came" kapena "a tree whose roots are deep" sanachimwe.

Zolakwa zenizeni za mwana wolankhula Chichewa zichokera kwina, kumene Lowth ndi Fowler sanayang'aneko. Chichewa chikalumikiza nthambi chikonda kusiya chizindikiro cha dzinalo m'kati mwa nthambiyo: "munthu amene ndinamuona", "mlendo amene ndinalankhula naye", "mwana amene bambo ake akudwala". Mwana akasenza kamangidwe kameneka kupita nako ku Chingerezi alemba "the man whom I saw him" ndi "the child who his father is ill". Sikuti nzeru zamuchepera ayi. Watsata lamulo labwino la chiyankhulo chake pamalo pamene siligwira ntchito. Ndipotu Chingerezi cha nthawi ya Chaucer chinali nako kanenedwe kofanana, kophatikiza "that" ndi "his" pamalo pa "whose", kasanatayidwe m'zolemba zovomerezeka. Mankhwala ake ndi kuika ziganizo ziwirizo pa bolodi, china pansi pa chinzake, ndi kumuonetsa mwanayo kuti "whom" wasenza kale katundu wa "-mu-", ndipo "whose" wameza "amene" ndi "ake" pamodzi. Chimodzimodzinso wolemba "the dog who barked" akumbutsidwe kuti Chingerezi chiyang'ana umunthu pamene Chichewa chiyang'ana gulu la dzina, ngakhale kuti Angerezi eni ake atchula "who" chiweto chimene achikonda.

Nthawi ya phunziro ndi yochepa, ndipo ola limene litayika posaka "which" wosalakwa lichotsedwa pa zinthu zimene zisintha tanthauzo, monga mipatuliro ija ya pa khola la mbuzi. Mphunzitsi asanadule liwu m'kope la mwana, ayenera kudzifunsa kuti lamulo limene wagwiralo ndi la yani: la mtundu wonse wa olankhula Chingerezi, kapena la Dryden, la Lowth, la Fowler. Anthu amenewa anali akatswiri oyenera ulemu, ndipo uphungu wawo uli ndi phindu kwa wofuna kulemba mosamala. Koma awiri otsirizawo ananena okha kuti akupereka maganizo awo, ndipo sikoyenera kuti wa m'kalasi aumitse chimene eni ake anachisiya chofewa.